Tusheleni yowala ndi yakuda: wogula akuona chiyani?

Funso lachokera kwa wowerenga wa ku Dowa: "Agogo anga aamuna anagwirapo ntchito ku Halale m'zaka za m'ma 1950. Atamwalira tinapeza kachitini m'sutikesi yawo yachitsulo, muli ndalama zakale zoposa 30: makobidi obooka pakati a njovu ziwiri, matusheleni awiri a 1957 a nkhwazi, zina za mutu wa mfumu zolembedwa Southern Rhodesia, ndi zingapo za Kamuzu za 1964. Tusheleni imodzi ndinaikwecha ndi phulusa ndi mandimu mpaka inawala. Nditatumiza zithunzi kwa wogula wina wa ku Joni, anati yakudayo ndi VF, yowalayo saifuna. Kodi sakufuna kundidyera masuku pamutu? VF n'chiyani, ndipo ndingadziwe bwanji ndekha giredi ya ndalama?"

Achimwene, pepani ndi imfa ya agogo, ndipo munachita bwino kusataya kachitiniko. Ndiyambe ndi chowawa: pa tusheleni yowalayo, munthu wa ku Joni uja sanakunamizeni. Pamtengo akhoza kukupanikizani ndithu, poti ogula amadyera pomwepo, koma ndalama yokwecha angaikane aliyense wodziwa ntchitoyi, kaya ali ku Johannesburg kaya ku London. N'chikomekome cha mkuyu chimenecho.

Kwanuko ndi kwa fodya, ndiye mawu oti giredi si achilendo. Posankha fodya safunsa kuti mlimi anakhetsa thukuta lotani kapena mbewu inachokera kuti. Amaona tsamba lili m'manjalo basi. Ndalama n'chimodzimodzi. Giredi imayankha funso limodzi: kuchokera tsiku limene ndalamayi inadindidwa, chitsulo chake chaperepeseka motani, ndipo nkhope yake yakumana ndi zotani? Zaka zake sizilowamo. Kusowa kwake sikulowamonso. Zimenezo zimabwera pokambirana mtengo, koma giredi ili payokha. Ndalama ya zaka 200 ikhoza kukhala ya giredi yapamwamba ngati inagona m'bokosi moyo wake wonse, pamene 20 tambala ya dzana lomweli ili yothaitha.

Kuti mumvetse chimene phulusa lija linachotsa, muyenera kudziwa mmene ndalama imapangidwira. Saumba m'chikombole ngati njerwa. Amatenga kachitsulo kozungulira kosalala, n'kukaika pakati pa zidindo ziwiri zolimba, makina n'kukafinya ndi mphamvu ya matani ambirimbiri. Chitsulo chimathawira m'maenje a chidindo ndi cha kumphepete, ndipo pothawapo chimasiya timizere tosaoneka ndi maso, tochokera pakati kulowera kunja. Timizere timeneti ndi timene timapatsa ndalama yatsopano kunyezimira kwake, kumene osunga ndalama amati lustre. Mukaipendeketsa pansi pa babu n'kumaizunguza pang'onopang'ono, kuwala kumayenda mozungulira ngati masipoko a njinga ikamathamanga. Kunyezimira kumeneku kumakhala pakhungu penipeni pa chitsulo, ndipo kukachoka kwapita. Palibe polishi amene angakubweze.

Tsono tengani yanu yokwechayo muichite chimodzimodzi. Kuwala kwake sikuyenda. Imangoti mbee yonse nthawi imodzi, ngati poto amene wakwechedwa ndi sitiliwulu, ndipo mukaipendeketsa bwino muona timizere tambirimbiri tolowera mbali imodzi, mmene chala chanu chinkapitira. Pafupi ndi zilembo patsala timadontho takuda pamene phulusa silinafike. Mandimu nawo anadya khungu la chitsulo, n'kulisiya lotumbuluka. Wogula wozolowera amaziona zimenezi ngakhale pa chithunzi cha pa WhatsApp.

Musadzimve kupusa. Ine ndemwe ndinapsapo, ndipo ndinali nditayamba kale kudzitcha wodziwa. Ndinagula hafu kirauni ya George VI madzulo pakhonde pa munthu wina, pansi pa getsi lalitali lija la m'maofesi. Inkaoneka ngati yangotuluka kumene kubanki, ndipo ndinalipira mosanenerera, mtima ukugunda kuti mwini wake angasinthe maganizo. M'mawa nditaiika pansi pa babu wamba ndinapeza tsaya la mfumu lili mizere yokhayokha. Getsi lalitali limamwaza kuwala paliponse, ndiye limabisa zokalika. Kuyambira tsiku limenelo sindigula ndalama pansi pa getsi la mwini wake.

Choncho poyesa zanuzo konzani malo kaye. Sambani m'manja, mupukute ziume. Yalani thaulo patebulo kuti ikapulumuka igwere pofewa. Igwireni m'mphepete ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, osakhudza nkhope yake, chifukwa thukuta la chala limasiya chidindo chimene pa mkuwa sichichokanso. Musalankhule mutaiyandikiza kukamwa. Timalovu tosaoneka timasanduka timadontho takuda pakapita miyezi. Gwiritsani getsi limodzi lokha, babu kapena tochi ya foni m'chipinda chamdima pang'ono. Yambani ndi maso okha, kenako galasi lokuza zinthu kasanu. Lokuza kwambiri silithandiza, limangokuonetsani mapiri ndi zigwa pa ndalama yabwinobwino. Ndipo musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poyang'anapo si paliponse. Ndalama ikamayenda m'matumba ndi m'manja, poyamba kutha ndi pamene patukuka kwambiri, monga nsapato imayambira kuchidendene. Pa tusheleni yanu ya nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland pali mutu wa Mfumukazi Elizabeth ali mtsikana, wosemedwa ndi Mary Gillick, atavala nkhata ya masamba yomangidwa ndi kansalu kumbuyo. Yang'anani tsitsi la pamwamba pa khutu, masamba a nkhatayo, tsaya ndi phewa. Mukatembenuza, yang'anani nthenga za nkhwazi ndi thupi la nsomba imene yagwira. Pa sheleni ya nthawi yomweyo pali mphalapala: phewa, ntchafu ndi mphete za nyanga. Pa makobidi obooka palibe mutu wa munthu, ndiye mboni zanu ndi makutu ndi mapewa a njovu, ndi chisoti chaufumu chili pamwamba pa bowo. Pa za Kamuzu za 1964, yambani ndi tsitsi, khutu ndi tsaya, kenako nthenga za tambala pa sikisipensi, maso a chimanga pa sheleni, ndi makwinya a khungu la njovu pa florin, imene ndi tusheleni yomweyo. Zithunzi za chimanga ndi njovuzi ndi zomwe zinabwereranso pa 10 tambala ndi 20 tambala kwacha itabwera mu 1971, poti paundi imodzi inasinthidwa ndi K2, sheleni n'kufanana ndi 10 tambala.

Mayina a magirediwo ndi Achingerezi ndipo amasokoneza, chifukwa amakometsera. Pansi penipeni pali Poor ndi Fair, ndalama zoti mukungozindikira mtundu wake basi. Kenako Good, imene kunena zoona si yabwino ngakhale pang'ono: mutu wasanduka chithunzithunzi chosalala, chaka chikuwerengeka movutikira, mkombero wayamba kulowerera m'zilembo. Very Good ndi mkulu wake pang'ono. Fine ndi ndalama imene yagwira ntchito zaka zambiri koma zilembo zonse zili bwino, mkombero uli wathunthu, nkhata ya Mfumukazi ikuoneka kuti ndi nkhata ngakhale masamba ake aphatikizana, ndipo nkhwazi yatsala ndi nthenga zakumapeto kwa mapiko zokha.

VF imene wakuuzaniyo ndi chidule cha Very Fine. Apa ndalama yayendapo ndithu, koma siinafooke. Pamalo otukuka aja pasalala, moti pamwamba pa khutu pali kadazi kakang'ono kopanda mizere ya tsitsi, koma masamba a nkhata mukutha kuwawerenga limodzilimodzi, nthenga zambiri za nkhwazi zikusiyanitsika, ndipo chithunzi chonse chikadali chakuthwa mukachiyang'ana patali ndi mkono. Lustre imakhala itapita, mwina kungotsala pang'ono m'makona obisika a zilembo. Kwa tusheleni ya 1957 imene agogo anailandira kwa anthu n'kuiponya m'chitini patapita zaka zochepa, VF ndi giredi yomveka. Sindinaione, koma sindikudabwa nayo.

Pamwamba pake pali EF, Extremely Fine, ndipo apa ndi pamene anthu amakanganirana. Ndalama ya EF inayenda pang'ono chabe. Ndi maso okha imaoneka ngati yatsopano. Kuperepeseka mumakupeza mukaipendeketsa, pamene nsonga ya tsitsi kapena tsaya likusintha mtundu, kuoneka lotuwa pamene mozungulira monse mukunyezimira. Mukapanda kupeza malo otuwa otero paliponse, masipoko a kuwala aja akuzungulira osaduka kuchokera m'mphepete kudutsa pa tsaya mpaka mbali inayo, ndiye kuti mwagwira Uncirculated, ndalama imene siinayendepo. Kusiyana kwa ziwirizi kungakhale kadontho kochepa ngati njere ya mapira, koma pamtengo pali phompho. Mwini ndalama nthawi zonse amaona giredi imodzi pamwamba, wogula imodzi pansi, monga zimakhalira ku okushoni ku Kanengo. Langizo langa ndi loti mukakayika pakati pa magiredi awiri, tengani yapansiyo. Ndipo mbali ziwiri zikasiyana, imene yatha kwambiri ndi imene imalamula, ngakhale ogulitsa ena amalemba zonse ziwiri, monga VF/EF.

Mudzaonanso manambala, monga VF 30 kapena MS 63. Amenewa anachokera ku America. Mu 1949 William Sheldon anakonza muyeso woyambira 1 kufika 70 poyesa masenti akale a dziko lawo, ndipo pambuyo pake unafalikira ku ndalama zonse. Good ndi 4, Fine ndi 12, VF imayambira 20 kufika 35, EF ndi 40 ndi 45, kenako pali AU, kutanthauza yotsala pang'ono kukhala yosayenda, kuyambira 50 mpaka 58. Kuyambira 60 mpaka 70 ndi MS, zosayenda. Chenjerani apa: mawu ndi amodzi koma mlingo ndi wosiyana. Ogulitsa akale a ku Britain ndi ouma dzanja, moti imene iwo akuitcha EF ku America kawirikawiri imalowa m'gulu la AU. Ku South Africa mudzamva ziyankhulo zonse ziwiri, ndiye wogula akati VF, mufunseni kuti ya muyeso uti.

Pali misampha iwiri imene imagwira ongoyamba kumene. Woyamba ndi kudinda kofooka. Nthawi zina chidindo chinali chitatopa kapena makina sanafinye mokwanira, ndalama n'kutuluka m'fakitale tsitsi lili losamveka bwino. Mutu wa Gillick uja ngosatukuka kwambiri mwachibadwa, ndiye zimenezi zimachitika. Kusiyanitsa kwake n'komwe kuja: pamalo osadindika bwino pamakhala posalala koma ponyezimira mofanana ndi pozungulira, pamene poperepeseka pamatuwa. Msampha wachiwiri ndi woganiza kuti yosayenda ndiye kuti yopanda banga. Ndalama zatsopano zinkagwera mumulu, kuthiridwa m'matumba, kukwera sitima yapamadzi kuchokera ku Britain, zikugundana njira yonse. Timabala ta m'thumba timeneti sitiichotsa m'gulu la MS. Timangosankha ngati ili 61 kapena 65. Kabala kali patsaya kamatsitsa kwambiri kuposa kobisala m'nthenga.

Kuvulala ndi nkhani ina, yosiyana ndi kutha. Kukwecha ndi kuvulala. Chimodzimodzi kukalika kwakuya, kuphwanyika kwa m'mphepete chifukwa chogwera pasimenti, kupindika, dzina lozokotedwa ndi msomali, bowo loboola munthu kuti avale m'khosi. Bowo la makobidi anu aja ndi lakufakitale, lisakudetseni nkhawa, koma muone ngati m'mbali mwake simunaphwanyike. Ndinaonapo angapo amene anagwira ntchito ya washala pokhomera malata, ndipo amadziwika ndi kulowa m'kati ngati kambale. Ndalama yovulala imapatsidwabe giredi ya chithunzi chake, koma ndi mawu owonjezera, monga VF yokwecha, ndipo mtengo umagwa kwambiri. Kwa ndalama yosasowa ngati tusheleni ya 1957, wogula amangodikira ina yosavulala. Ndicho chifukwa chake anati saifuna.

Makobidiwo ndi a mkuwa wosakaniza, ndipo mkuwa uli ndi malamulo akeake a mtundu. Watsopano ndi wofiirira mowala, kenako umadera pang'onopang'ono mpaka kufanana ndi chokoleti. Oyesa amalemba RD ukakhala wofiira, RB ukakhala pakatikati, BN ukadera. Kudera kosalala bwino si vuto, ndi chikopa chimene chikuteteza chitsulo. Khobidi la zaka 60 lotha zilembo koma lofiira ngati lalero, limenelo lasambitsidwa ndi asidi kapena Brasso, musachite kufunsa. Choopsa ndi dzimbiri lobiriwira, makamaka lofumbutuka ngati ufa, chifukwa limadya chitsulo n'kusiya maenje, ndipo m'chitini chachinyezi silichedwa kuoneka pa zinzake. Amene ali nalo muwapatule lero lomwe.

Za Southern Rhodesia zija ndi zimene ndikufuna muziyang'ane mofatsa, chifukwa mwina chuma cha kachitiniko chili pamenepo. Onani zaka. Kuyambira tiki, ya makobidi atatu ija, kupita m'mwamba, za 1932 mpaka 1942 ndi siliva wa magawo 925 pa 1,000. Za 1944 mpaka 1946 siliva ndi theka. Kuyambira 1947 ndi mkuwa wosakaniza ndi nickel, mulibe siliva, kupatula kirauni ya chikumbutso ya 1953 imene siliva wake ndi theka. Ngati mwasakanikira za ku Britain, malire ake ndi ena: siliva wabwino mpaka 1919, theka kuyambira 1920 mpaka 1946. Matusheleni anu a Chitaganya ndi za Kamuzu zija mulibe siliva ngakhale zili zoyera. Maginito sangakuthandizeni kusiyanitsa, poti sagwira siliva komanso sagwira zosakaniza zimenezi. Chaka ndicho chimanena. Siliva akakhalitsa amachita mtundu wotuwa, wagolide, nthawi zina wobiriwira mopita kubuluu m'mphepete. Anthu osunga ndalama amaukonda mtundu umenewu, ena amalipira moonjezera. Ndiye ngati dzanja likuyabwa kuti muwalitse imodzi mwa zimenezi, likhalireni.

Mukapeza ina ya 1964 imene pansi pake pakuoneka ngati kalilole, imeneyo ikhoza kukhala proof, zodindidwa mwapadera ndi zidindo zopukutidwa n'kugulitsidwa m'timabokosi kwa osunga. Proof ndi kapangidwe, si giredi, ndipo m'chitini cha ndalama zosinthira sizipezekapezeka.

Nanga zotumiza kwa akatswiri? Alipo makampani amene ntchito yawo ndi yomweyi. Odziwika kwambiri ndi PCGS, imene inayamba mu 1986, ndi NGC ya 1987, onse a ku America. Amaiyesa ndalama, kutsimikiza kuti si yachinyengo, n'kuitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kolembedwa giredi. Yokwecha saipatsa nambala, amangolemba kuti Details ndi chifukwa chake. Koma kulipira kwake, kuphatikiza kutumiza ndi inshuwalansi, kumaposa kutali mtengo wa tusheleni ya VF. Ndalama za Chitaganya ndi za 1964 zinadindidwa zochuluka zedi, ndipo zoyendayenda zili m'zitini zambiri kuyambira ku Chitipa mpaka ku Bulawayo. Zimene zimasowa ndi zosayenda, chifukwa masiku amenewo tusheleni inali ndalama yodyera, panalibe woisunga kuti azingoiyang'ana. Ndikunena izi kuti wina asakunamizeni. Aliyense wokuuzani pa Facebook kuti khobidi lobooka ndi mamiliyoni, koma muyambe mwatumiza ya fomu kapena ya mayendedwe, ameneyo ndiye wa masuku pamutu amene mumamuopa uja.

Zotsalazo musazisambitse. Ngati pali dothi lenileni, zinyikeni m'madzi osungunula aja ogulitsa m'botolo othira m'batire ya galimoto, osati asidi wake, kenako muziike pa nsalu yofewa ziume zokha, osapukuta. Zomata za selotepi zimachoka ndi acetone weniweni wa ku famase kapena ku hadiweya, osati wochotsera utoto wa zikhadabo, amene amakhala ndi mafuta ndi zonunkhiritsa. Kupitirira apo, zisiyeni. Zichotseni m'chitinimo kuti zileke kukhulana, iliyonse ikhale m'kaenvulopu kakekake, mulembe kunja chaka ndi giredi imene mwaipatsa. Pewani timapepala ta pulasitiki tofewa tonunkha ngati chidole chatsopano, chifukwa PVC imatulutsa mafuta obiriwira amene amadya chitsulo. Labala ndi nyuzipepala zimadetsa siliva. M'bokosimo ponyanimo timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'makatoni a nsapato, makamaka nyengo ya dzinja.

Yokwecha ija musaitaye ndipo musayese kuidetsanso ndi utsi kapena dzira, ogula amazidziwa zimenezo. Isungeni pambali pa inzake yakudayo. Muli ndi mwayi umene ambiri ophunzira ntchitoyi alibe: ndalama ziwiri za chaka chimodzi, zochokera m'chitini chimodzi, ina yachibadwa ina yokwecha. Muziziika pamodzi pansi pa babu mpaka diso lizolowere, ndipo mukatero muyese zina zonse, kuyambira yothaitha kufika yabwino koposa, muzindandalike pathaulo ngati mmene mumayalira fodya.

Mukafuna kuti ndikuthandizeni kuyesa, jambulani iliyonse katatu: kumutu, kumbuyo ndi m'mphepete. Iikeni pa nsalu yakuda pafupi ndi zenera m'mawa, foni ikhale molunjika pamwamba, fulashi yozimitsa, ndipo musakometse chithunzicho ndi zosefera za m'foni. Muyambe ndi za Southern Rhodesia, chaka chioneke bwino.